Thanki ya apongozi anga

Inu ana, dzana ndinakumvani mukuseka kuseri kwa nyumba. Munkatsanzira mmene ndinagogodera chipilala cha pakhonde la sukulu yanu ndi kiyi, ndipo iwe Yusufu ndiwe unapendeketsa mutu n'kutsinzina diso limodzi. Sindinakwiye. Unatsanzira bwino ndithu, kungoti khutu unaliika patali. Khutu limayenera kufika pafupi, mpaka tsaya lidetsedwe ndi laimu.

Ntchito yanga inali imeneyo. Ena amamanga, ena amapenta, ine boma linandilemba kuti ndiziyendera zimene anzanga anamanga kalekale ndi kunena ngati zingapirire mvula ina: milatho, makalavati a pansi pa msewu, madoko, mathanki a madzi. Ndinafika kuno ku Mangochi kuchokera kwathu ku Ntcheu ndili mnyamata, katundu yense m'chikwama chimodzi, pamwamba pake bulangete lomwe mayi anga anandikakamiza kutenga. Bulangetelo ndinalisandutsa pilo, chifukwa kutentha kwa kuno sikunandipatse mpata wolifunda.

Zida zathu zinali zoti mukhoza kuziseka. Hamala yaing'ono, choko, chingwe chomangirira kachitsulo kumapeto choonera ngati khoma lapendama, ndi tizidutswa ta magalasi tomwe tinkatola pamene windo lasweka. Tikapeza mng'alu, tinkamata kagalasi mopingasa mng'aluwo, simenti pang'ono uku ndi uku, n'kuchoka. Tikabweranso n'kupeza kagalasi kali bwinobwino, ndiye kuti mng'alu wagona. Kakasweka, ndiye kuti ukuyenda. Hamala ndiyo inali mkulu wa zonse. Simenti yamoyo ukaigogoda imalira ngwee, dzanja limamva kubwezedwa. Yofa mkati imangoti phu, phu, ngati ukugogoda dzungu lowola.

Chimapha simenti ndi chitsulo chake chomwe. Madzi akapeza kanjira n'kufika pazitsulo za mkati, zimachita dzimbiri, ndipo dzimbiri limatupa n'kumakankha simenti kuchokera mkatimo. Ndiye mukaona mng'alu kunja, dziwani kuti nkhani inayamba kale, inu mukungoimva mochedwa.

Anyamata a masiku ano amabwera ndi makina oona zitsulo mkati mwa khoma osaligumula, ndi tindege toyendetsa ndi foni tomwe timakajambula kunsi kwa mlatho iwo ali pamthunzi. Sindiwanyoza ayi. Ndikanakhala nazo zimenezo, sindikanalowa m'matope ofika m'chiuno, diso lina pasimenti lina pamabango kuopa ng'ona. Koma funso lomwe anthu amawafunsa ndi lomwe ankandifunsa ine: kodi chigwa liti? Yankho lake palibe ali nalo. Tikhoza kunena kuti chinthu chafooka, koma tsiku lake sitilidziwa.

Maulendo athu anali a pa lole ya kuntchito, tili pamwamba pa matumba a simenti, fumbi la msewu wa ku Monkey Bay likutilowa m'mano. Lole ikafa, ndipo inkafa kawirikawiri, tinkagona m'kalasi ya sukulu iliyonse yomwe tayandikira, n'kudya chinangwa chootcha ndi usipa wouma. Inu mukakwera minibasi mumadandaula kuti mwapanikizana. Pa ulendo wina wotere lole inafera pa Nkope, ndipo mtsikana wina anatibweretsera zitumbuwa zosapsa mkati. Ndinamuuza kuti zitumbuwa zake n'zaziwisi, iye anayankha kuti anthu a fumbi m'kamwa sadziwa kukoma. Ndiwo agogo anu aakazi amenewo, Abiti Amidu, ndipo mpaka lero sanavomere za zitumbuwa zija.

Bambo awo, Che Amidu, anali fundi womanga. Unyamata wawo anaudyera ku Dedza akumanga nyumba za aphunzitsi ndi masitolo, ndipo atabwerera kwawo anamanga nyumba zambiri za njerwa zomwe mumaziona pa Nkope. Koma chimene ankadziwika nacho ndi thanki ya pamzikiti. Inali ya konkire, yokhala pa zipilala zinayi, yaitali kuposa mitengo ya mango ya pamenepo. Injini inkapopa madzi kuchokera m'nyanja kukadzaza pamwambapo, ndipo pansi pake panali mipopi. Amuna ankatawaza pamenepo, ndiko kusamba kwa m'manja, kumaso ndi m'mapazi asanalowe kukaswali. Amayi ankatungapo, ndipo ana a madrasa ankasewera mumthunzi wake. Asodzi akamabwerera, thankiyo ndiyo inkawauza kuti kwawo ndi apo. Anthu sankati thanki ya mzikiti, ankati thanki ya Che Amidu.

Iwo anandilola kukwatira mwana wawo ngakhale ndinali wa tchalitchi, ndipo za chipembedzo sanandivutepo. Mayi anu atasankha njira ya mayi awo, inenso sindinawavute. Koma ulemu wa mkamwini unali ulemu wa mkamwini. Sindinkakhala nawo pamphasa imodzi, sindinkadya nawo mbale imodzi, ndipo polankhula ndinkanjuta chapatali, nkhope itayang'ana kumbali. Nkhani iliyonse yolemera inkadzera kwa agogo anu aakazi. Inu a lero mudzagwirana mapewa ndi apongozi anu n'kujambulitsa pa foni, ndikudziwa. Ife tinakhala choncho mpaka ine ndinamera imvi, iwo akuyendera ndodo, ndipo palibe anaona chachilendo.

Chaka china, nditatsala pang'ono kupuma pantchito, chibenthu cha simenti chachikulu ngati njerwa chinagwa kuchokera pathanki n'kutera pafupi ndi ndowa ya mayi wina. Sichinavulaze munthu. Che Bwanali, wapampando wa komiti ya mzikiti, anabwera kunyumba kwathu n'kundipempha kuti ndikaione, poti ndine wa pomwepo ndipo ntchitoyo ndi yanga. Thankiyo sinali ya boma, choncho ndinapita ngati mkamwini, osati ngati wa ku ofesi.

Zipilala zitatu zinalira bwino kuyambira pansi mpaka pamwamba. Apongozi anga ankadziwa kumanga, zimenezo ndikunena poyera. Chachinayi, cha kumbali ya kunyanja, ndicho chinali ndi nkhani. Paipi yotaya madzi thanki ikasefukira inali pamwamba pa chipilala chimenecho, ndipo inakhala ikudonthera pomwepo kuyambira ine ndisanakwatire. Kuchokera pamsinkhu wa phewa langa kupita m'mwamba, hamala inkangoti phu, phu. Madzi ofiirira a dzimbiri anali atalemba mizere yotsika. Chingwe chinandionetsa kuti thanki yapendamira pang'ono mbali yomweyo. Ndinamata kagalasi pamng'alu waukulu, ndipo Lachisanu lisanafike kanali katasweka. Nthawiyo mvula inali itatha, mwera uli pafupi kuyamba, ndipo mukudziwa mmene mwera umakankhira chilichonse choima pafupi ndi nyanja.

Anandiitana kuti ndikafotokoze pakhonde la mzikiti anthu atatha swala ya Lachisanu. Ndinakhala pasitepe ya pansi, amuna atadzaza khonde lonse, ndipo Che Amidu anali pamphasa yawo pakati, atavala kofia yoyera. Kuntchito tinali ndi liwu limodzi lachingerezi lomwe ukalinena, mlatho umatsekedwa tsiku lomwelo. Koma apa munthu amene anamanga anali patsogolo panga, ndipo anali bambo a mkazi wanga. Mkamwini sanganene pagulu kuti chimene apongozi ake anamanga chawola. Ndinafuna mawu oona omwe angathe kunenedwa pamaso pawo, ndipo ndinapeza omwe timanena kwathu.

"Akuluakulu," ndinatero, "thanki iyi yatopa."

Inu mumati mwatopa mukachokera ku mpira, ndipo mukamwa madzi mumathamanganso. Kwathu munthu akatuluka m'nyumba ya wodwala n'kunena motsitsa kuti atopa, palibe amafunsanso. Amayi amayamba kusonkhanitsa nkhuni, ndipo wina amanyamuka kukauza abale akutali. Ine ndinanena mawu olemera koposa omwe ndinali nawo. Koma amuna a pakhondepo ambiri ndi a Chiyao. Chichewa chawo n'chabwino kuposa Chiyao changa, kungoti mawu a pakhomo la matenda munthu amawadziwa m'chilankhulo cha mayi ake. Iwo anamva kutopa kwa ku mpira kuja.

Che Bwanali anagwedeza mutu n'kunena kuti ngati yatopa, aipumitse. Anthu anavomera, ena anaseka pang'ono, n'kunena kuti nayonso yagwira ntchito. Ndinayang'ana chambali kwa Che Amidu. Iwo ankayang'ana mapazi awo.

Madzulo ake ndinapita kwa Che Bwanali n'kuwauza mosabisa kuti chipilala chija chafa mkati ndipo thanki iyenera kugwetsedwa. Anandimvetsera bwino, tiyi anandipatsa. Kenako anati pagulu ndinanena kuti yatopa basi, ndipo fundi amene anaimanga anali pomwepo koma sanatsutse za kuipumitsa. Anati iwo ndani kuti agwetse ntchito ya nkhalamba mwini wake ali moyo, komanso Ramazani yayandikira, anthu adzafuna madzi pafupi. Ndinapita kawiri, katatu, yankho linali lomwelo. Mphamvu zotseka ndinalibe, popeza sichinali chinthu cha boma.

Anaipumitsadi. Anataya madzi, inakhala yopanda kanthu masiku angapo, anyamata anamata pulasitala paming'alu yonse n'kupaka laimu kuti Idi idzaipeze yoyera. Kenako anadzazanso madzi mpaka pakamwa. Pulasitala ndi laimu ndiwo adani a ntchito yanga. Kale bwana wamkulu akamabwera kudzayendera boma lino, anthu ankapaka laimu miyala, mitengo ndi milatho yomwe, ndipo zizindikiro zanga zonse za choko zinkapita. Ndinkayambiranso kufunafuna ming'alu yomwe ndinaipeza kale, ili pansi pa zoyerazo, ikukula mwakachetechete. Thanki ya Che Amidu inawala kuposa kale, moti asodzi anati ikuoneka kuchokera kutali kwambiri.

Tsiku lomwe anaidzaza, Che Amidu ananyamula mphasa ndi ndodo yawo n'kukakhala pansi pake, pafupi ndi chipilala chachinayi chija. Mawa lake anapitanso, ndi mkuja womwe. Ankafika atangotha swala ya m'mawa n'kukhala mpaka nthawi yomasula kusala, poti Ramazani inali itayamba, kuchoka pokhapokha akamalowa mumzikiti. Mwana akayandikira ankamuopseza ndi ndodo. Amayi ankawauza kuti atunge msanga azipita, nkhani akakambire kwawo. Munthu amene kale ankagawira ana mango anasanduka woopedwa, ndipo ana a madrasa anasamutsira masewera awo kuseri kwa mzikiti. Ena ankati ukalamba wawalowa m'mutu. Ambiri ankati onani, fundi akukhulupirira ntchito yake, wa boma uja amangofuna kuoneka wophunzira.

Agogo anu aakazi anasiya kudya bwino. Futali womasulira kusala ankaphika, ife n'kudya, iwo n'kungolawa. Tsiku lina anandifunsa mosazungulira ngati thankiyo igwa. Ndinawayankha zomwe ndinayankha anthu moyo wanga wonse, kuti yafooka koma tsiku sindilidziwa.

"Ndiye bambo anga akukhala pansi pa chiyani?" anatero.

Anapita okha kukawachonderera, ndipo nawonso anabwezedwa ndi ndodo yomweyo. Mwera unayamba. Ndinkaima kumsewu n'kumayang'ana. Pa pulasitala watsopano uja panatuluka kamng'alu kowonda ngati tsitsi, ndipo mzere wofiirira unayambanso kutsika pa laimu. Pansi pake panali nkhalamba itakhala phee, mkanjo ukuuluzika ndi mphepo.

M'mawa wina mphepo inakula moti ngalawa sizinalowe m'madzi. Ndinatumiza uthenga kuntchito kuti sindibwera. Ndinapita pathanki paja, n'kuvula nsapato, n'kukhala pamphasa pawo, pafupi moti mawondo athu anatsala pang'ono kugundana. Amayi awiri omwe ankatunga anatembenuka n'kutiyang'anitsitsa. Che Amidu anayang'ana mapazi anga ali pamphasa yawo kwa nthawi yaitali. Ine ndinawayang'ana kumaso, koyamba chikwatirireni mwana wawo.

"Bambo, chipilala ichi chafa mkati. Thanki iyi igwa. Tsiku sindilidziwa."

"Ndinamva tsiku lomwe lija, akamwini," anatero. "Ku Dedza ndinakumba nawo manda ambiri. Ndikudziwa zimene anthu a kwanu amatanthauza."

Ndinafunsa kuti nanga akukhaliranji pamenepa. Anati akachoka pabwera ana. Ndinafunsa kuti bwanji osangowauza anthu, popeza mawu awo amodzi angathe zonse. Mphepo inkaliza mapaipi pamwamba pathu. Kenako anafotokoza pang'onopang'ono kuti onse amene ananyamula nawo miyala ya thankiyo anapita, kuti nyumba zina zomwe anamanga eni ake anazisintha mpaka sazizindikira, ndipo chatsala ndi ichi chokha. Anati Lachisanu lililonse ankaganiza kuti lero anena, koma akafika pakhonde paja ankalephera. Ndiye anaona kuti chimene angathe n'kukhala pamenepo, kuti ikafuna munthu ipeze mwini wake.

Ndinawauza kuti ngati ndi choncho, inenso ndizikhala nawo pamphasapo tsiku ndi tsiku mpaka thanki itatayidwa madzi. Sindinanene mwaukali. Ndinangopinda miyendo bwinobwino ngati munthu amene sachoka msanga.

"Mukufuna mwana wanga alire maliro awiri tsiku limodzi?"

Ndinayankha kuti zimenezo zili kwa iwo.

Tinakhala. Ndikuuzeni zoona, ndinali ndi mantha. Ndinakhalapo pansi pa milatho yambiri yodwala, koma nthawi zonse ndinkagogoda n'kuchoka msanga. Apa ndinkadziwa kulemera kwa madzi omwe anali pamwamba pa mutu wanga, ndinkadziwanso chimene chikuwachirikiza, ndipo mphepo ikawomba mwamphamvu timchenga tinkayoyokera pamphasa. Agogo anu aakazi anali atamva, ndipo anaima kumsewu, manja atagwira kumutu, osayandikira. Che Amidu anawaona. Anawayang'ana kanthawi, kenako anagwira ndodo n'kudzuka movutikira. Anapita pampopi waukulu wa pansi, womwe amatayira madzi potsuka thanki, n'kuupotokola ndi manja awo awiri. Madzi anatuluka n'kukumba kangalande mumchenga kulowera kunyanja.

Che Bwanali anabwera akuthamanga, anthu ena pambuyo pawo, kufunsa chimene chachitika. Che Amidu anandiloza ndi ndodo osandiyang'ana.

"Akamwini anga a boma akuti igwe," anatero. "Ine ndilibe mawu."

Masiku otsala a Ramazani imeneyo amayi anatunga madzi kunyanja, ali ndi njala ndi ludzu la kusala, ndipo ankadziwa bwino amene wawapatsa ntchito imeneyo. Ndikamadutsa, moni ankayankha mwachidule. Idi itapita, amuna anakwera n'kuphwanya chapamwamba ndi mahamala akuluakulu, kenako anamanga zingwe pazipilala kuti asodzi akoke, poti kukoka ndiyo ntchito yawo. Anayamba ndi chachinayi, m'mawa anthu asanachuluke. Chinathyoka pa kukoka koyamba, ndipo zitsulo za mkati zinali zitatsala zowonda ngati udzu wa tsache. Ndi anthu ochepa okha anaona zimenezo. Pamene mudzi wonse unkasonkhana, asodzi anali pa zitatu zija, ndipo zinakana. Anakoka, anaimba, chingwe chinaduka, anachita kukumba pansi ndi kudula zitsulo ndi sowo, ndipo chomaliza chinagwa dzuwa litapendeka.

Anthu anapita mmodzimmodzi kukagwira Che Amidu chanza, kuwauza kuti fundi, munamanga. Iwo analandira zonse, akumwetulira pang'ono. Wina anafuula kufunsa ngati iyi ndiyo yotopa ija, ndipo gulu linaseka. Ndinayesa kuuza awiri atatu kuti mpando wa miyendo inayi suthandizidwa ndi itatu yolimba, koma tsiku limenelo panalibe wofuna kumva. Kuyambira pamenepo pa Nkope amanditchula a Yatopa, ndipo mwina munamvapo anzanu akutero n'kumaganiza kuti ndi dzina la kwathu. Zinandiwawa, ndipo nthawi zina zimandiwawabe. Apongozi anga ankadziwa zonse, koma sanatsegule pakamwa kundichotsera dzinalo, ngakhale kamodzi. Inenso sindinawapemphe. Ndinaona kuti pa ife awiri, ine ndi amene ndingathe kulisenza.

Mukandifunsa ngati ikanagwa mwera umenewo, ndikuyankhani kuti sindidziwa. Mwina ikanagwa mawa lake. Mwina ikanaima mpaka lero, yopendama, anthu akuipaka laimu chaka ndi chaka. Ntchito yathu ikayenda bwino sipaoneka kanthu, pamangotsala malo opanda chinthu ndi anthu okwiya. Patapita nthawi anaika thanki ya pulasitiki yobiriwira ija mumaiona, pa miyendo ya zitsulo, ndipo nayonso ndimaiyang'ana ndikamadutsa, makamaka m'munsi momwe miyendo imalowa mumchenga.

Ine ndi Che Amidu sitinakambenso za nkhaniyi. Iwo anabwerera pakhonde la nyumba yawo, ndodo anaisiya kuopsezera ana, ndipo mango atapsa anayambanso kugawa. Dzinja lotsatira unabadwa iwe Mariamu, amene wakhala chete apo ukutafuna kolala ya diresi. Mayi ako atatuluka kuchipatala anapita nawe kwa iwo usanalowe m'nyumba ina iliyonse. Che Amidu anali atafooka, moti agogo ako aakazi anachita kuwachirikiza mkono kuti asakugwetse. Anaweramira pakhutu lako lakumanja n'kukunong'oneza azana yoitanira anthu ku swala, yonse, osadumpha liwu. Iwe unasiya kulira n'kumvetsera.